NKHANI YA CIKONDI SIKALAMBA: IBWEREZEDWENSO PA CHIKWANHA

Munthu akaima madzulo pa Chikwanha, pamene makombi akutsitsa anthu ocokera ku nchito ku Harare, aona anyamata ndi atsikana ambiri maso ali pa lamya za m'manja, akuseka ndi zithunzithunzi za cikondi za maiko akutali. Akuluakulu ena amadandaula kuti opanga kanema a masiku ano angobwereza nkhani zakale cifukwa nzeru zawathera. Dandaulo limeneli liri ndi coonadi pang'ono, koma mbiri ya kanema isonyeza kuti kubwereza nkhani ndi mwambo wakale, ndipo anthu a kuno akadapindula nao.

M'caka ca 1934 kampani ya Columbia ku America inaturutsa It Happened One Night, nkhani ya mwana wamkazi wa munthu wolemera amene anathawa kwao nakomana pa basi ndi mtolankhani wosauka. Clark Gable ndi Claudette Colbert ndiwo anasewera, ndipo kanemayo analandira mphotho zisanu za Oscar. Mu 1956 Amerika anaibwereza nkhaniyo, ndipo caka comweco Amwenye anaipanga m'cinenero cao naicha Chori Chori, momwe munali Raj Kapoor ndi Nargis. Amwenyewo anaikamo nyimbo zao ndi makhalidwe ao, kotero kuti anthu a ku India anailandira monga yao.

Nkhani ina yokhudza anthu a pa nchito ndiyo The Shop Around the Corner, ya Ernst Lubitsch, ya mu 1940. Mnyamata ndi mtsikana ogulitsa m'sitolo imodzi ku Budapest amakangana usana wonse, osadziwa kuti makalata a cikondi amene aliyense alandira ku positi alembedwa ndi mnzaceyo. Mnyamatayo anacotsedwa nchito pa mlandu umene sanaucite, ndipo mantha a ulova amveka m'nkhani yonse. Inacokera ku sewero la ku Hungary la mu 1937, inapangidwanso mu 1949, ndiponso mu 1998 monga You've Got Mail, makalata atasanduka a pa kompyuta. Nkhaniyi yakhala moyo zaka zonsezi cifukwa mbadwo uliwonse unaibveka zobvala zace.

M'masiku a Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, anthu akuda m'malokeshoni sanali kuona zambiri zotere. Pa Mai Musodzi Hall ku Harari, kumene tsopano kuchedwa Mbare, zocuruka zinali za makaubhoi ndi mfuti, ndipo a Boma anali kudula mbali zimene anaganiza kuti siziyenera maso a Afirika. Central African Film Unit, imene inayamba mu 1948, inali kupanga zithunzithunzi zophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Munthu wakuda anaonetsedwa monga mwana wa sukulu wofuna malangizo.

Dziko litalandira ufulu zinthu zinayamba kusintha. Mu 1990 Michael Raeburn anaturutsa Jit, nkhani ya mnyamata wochedwa UK amene abvutika kusonkhanitsa malowolo kuti akwatire Sofi, uku mzimu wa nkhalamba yokonda mowa ukumlondola kuti akumbuke makolo kumudzi. Oliver Mtukudzi anali momwemo. Mu 2017 munaturuka Cook Off, ya Tomas Brickhill, yopangidwa ndi ndalama zocepa ndithu, ndipo mu 2020 inafika pa Netflix. Ziwirizi ndi umboni wakuti anthu a Zimbabwe adziwa kuseketsa ndi nkhani ya cikondi.

Cimene cisowabe ndi nkhani ya ana ndi adzukulu a anthu a ku Nyasaland amene anadza kudzagwira nchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za Azungu, ndipo ambiri a iwo akhala m'Chitungwiza. Nkhani ya cikondi yoseketsa ifuna copinga pakati pa awiriwo, ndipo copinga ciripo kale. Mnyamata amene agogo ace anali Acewa a cikamwini, kumene mwamuna apita kukakhala kwa mkazi ndipo ankhoswe ndiwo amanga ukwati, akonda mtsikana wa Cishona amene atate ace alemba mndandanda wa ng'ombe ndi ndalama za roora. Malume wa mnyamatayo adabwa ndi mtengowo, ndipo apongozi afunsa kumudzi kwa mkamwini, mudzi umene mwini wace sanauonepo. Pali kuseka pamenepo, paliponso cilonda, pakuti kuyambira 2001 ambiri otere anachedwa alendo m'dziko limene anabadwiramo, kufikira malamulo a 2013 anawatseguliranso njira ya unzika.

Amene ali ndi luso atenge Jit, kapena nkhani ya ogulitsa m'sitolo aja, apemphe cilolezo kwa eni ace, naiike pa Chikwanha m'Cishona ndi m'Cinyanja monga anthu alankhulira pa msika. Nao oonera ali ndi mbali yao. Kanema wokopedwa mwakuba ndi kugulitsidwa pa mseu sapereka ngakhale kobiri kwa amene anampanga, ndipo wopanga amene sanabweze ndalama zace sapanganso wina. Wanchito amene amadandaula bwana akamcedwetsera malipiro ayenera kulipira pa khomo pamene kanema wa kuno aonetsedwa, kuti adzukulu a ku Chitungwiza adzaone nkhope zonga zao ndi kumva cinenero ca agogo ao.