Musanagule difu ya pikapu, werengani mano

Mvula ikangoyamba, mapikapu okatenga kachewere ku Tsangano ndi tomato ku Jenda amayambanso kutitimira m'matope, ndipo eni ake amathamangira ku Biwi kapena ku Ndirande kukasaka difu ina. Ambiri amafunsa funso limodzi lokha: kodi ikwana? Ine ndikuti kukwana kokha sikokwanira. Difu imatha kulowa bwinobwino koma n'kumakudyerani ndalama tsiku ndi tsiku.

Yambani ndi mano. Mkati mwa difu muli giya yaikulu ndi yaing'ono. Werengani mano a yaikuluyo, mugawe ndi a yaing'ono. Mano 41 ndi 10 akupatsani 4.1, pomwe 39 ndi 8 akupatsani pafupifupi 4.9. Nambala ikakwera, galimoto imakoka katundu mosavuta pamtunda, koma pa M1 injini imazungulira kwambiri ndipo dizilo amatha msanga. Ikatsika mupulumutsa mafuta paphula, koma mukapakira matumba n'kuyamba chikweza, kilatchi ndiyo imalipira. Choncho dzifunseni moona mtima: pa maulendo khumi, ndi angati omwe mumatsikadi paphula? Ngati ndi awiri okha, khalani pa nambala yomwe galimotoyo inabwera nayo. Ya 4x4 ndiye musayese n'komwe kusintha kumbuyo kokha. Nambala yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kufanana, apo ayi magiya amalimbana mukangolowetsa matayala onse anayi.

Difu wamba imalola tayala lakunja kuthamanga kuposa lamkati pokhota. Vuto lake lili m'matope: tayala limodzi likaterera limangozungulira, linzake lili duu. Apa mpamene amakaniko ena amakuuzani kuti awotcherere timagiya tam'kati, matayala onse aziyendera limodzi. M'matope zimathandizadi, sindikana. Koma galimoto yomweyo mawa lake ili m'tauni. Pokhota paliponse tayala limodzi limakhuta paphula, matayala amatha msanga, shafuti imapotokola mpaka kuthyoka, ndipo pamsewu wonyowa galimoto yolemedwa imakana kukhota. Ndalama yomwe mwapulumutsa kwa wowotcherera mukaisiya kwa wogulitsa matayala, mwinanso ndi tomato wowolera panjira.

Kwa amene amapita kumidzi sabata ndi sabata, LSD ndiyo ndingailimbikitse. Imapatsako mphamvu tayala lomwe lagwira pansi, komabe imalola kukhota. Kuizindikira sikovuta: ikani giya pa nyutulo, nyamulani matayala onse akumbuyo ndi jeke, muzungulitse limodzi ndi manja. Linzake likazungulira mobwerera, imeneyo ndi difu wamba, kapena LSD yomwe inatha kale. Likatsata mbali yomweyo, ndi LSD ya mapuleti, pokhapokha ngati wina anaiwotcherera, ndiye uzani wogulitsa atsegule muone ndi maso anu. LSD yotere imafuna oyilo wolembedwa LS pabotolo. Mukathira wamba imayamba kugogoda pokhota.

Difu ya loko, yomwe ili m'ma Hilux ena, imaposa zonsezi pamatope, bola dalaivala azikumbukira kuichotsa akafika pouma. Ngati galimoto mumapatsa mnyamata, ganizirani bwino pamenepo.

Musanapereke ndalama, masulani bawuti yokhuthulira oyilo. Fumbi lakuda pa maginito ake si vuto, koma mukaona tizidutswa ta chitsulo, isiyeni ngakhale atsitse mtengo.