MALOLE A FILIJI AWAPITILILA ASODZI A KU KAFUE

Kumwela kwa mlatho wa Kafue kukumana miseu iwili, wocokela ku Livingstone ndi wocokela ku Chirundu. Cifukwa cace malole a filiji opita ku Lusaka ocokela ku miseu imeneyi adzela m'mbali mwa mafakitale a ku Kafue. Ena anyamula nsomba zoumitsidwa ndi cisanu zocokela ku Walvis Bay m'dziko la Namibia, ena nsomba zowetedwa m'nyanja ya Kariba ku Siavonga.

Nsomba youmitsidwa isungidwa pa madigili 18 pansi pa zilo, ndipo ikasungunuka panjila siyenela kuumitsidwanso. Lole ili ndi injini yaceyace yoziziza katundu, koma nyumba zosungilamo zidalila magetsi. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi mu Kariba, magetsi anali kuzima maola oposa 12 pa tsiku, ngakhale kuti Kafue Gorge ili pafupi pomwepa. Amalonda anathamangila ku majeneleta, ndipo ndalama za dizilo zinakwela pa mtengo wa ndiwo.

Wovutika koposa ndiye msodzi wa ku Chanyanya. Iye ali pafupi ndi Lusaka kupambana onsewa, koma asodzi ambili alibe poziziza nsomba. Akavuula m'mamawa ayenela kugulitsa dzuwa lisanakwele, pa mtengo umene wogula wanena, apo ai aziwambe pamoto. Boma ndi makopaletivu akadayamba ndi makina opanga madzi oundana pamadoko, oyendela mphamvu ya dzuwa, kuti msodzi athe kukana mtengo woipa ndi kudikila wogula wina.