Bambo wodonthetsa mkodzo sanalodzedwe

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tikanganepo. Bambo akachitidwa opaleshoni ya prostate n'kuyamba kunyowetsa thalauza, anthu timati chiyani? "Anamutchera." "Ndi kuyendayenda kwake kuja." Bodza limeneli likupha azibambo athu. Ena akamva miseche yotereyi amathawa Queens ndi Kamuzu Central, n'kukataya ndalama pa mabotolo a mizu mumsika, khansa ikufalikira.

Tamvani mmene thupi lilili. Prostate ndi kachiwalo kokhala kunsi kwa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Dokotala akachotsa konse chifukwa cha khansa, gawo la njirayo limachoka nako, ndiye amasokerera chikhodzodzo ku mbali yotsalayo. Bambo amakhala ndi kachubu sabata imodzi kapena ziwiri kuti posokapo papole.

Mwamuna ali ndi zotsekera mkodzo ziwiri: china pakhosi pa chikhodzodzo, china kunsi kwa prostate. Choyambacho chimafooka ndi opaleshoni. Chachiwiri chimatsala chokha ndi ntchito yonse, pomwe mitsempha yake ya magazi ndi yotumiza mauthenga yakhudzidwanso. Magazi akachepa pamalopo, mnofu umachedwa kupeza mphamvu. N'chifukwa chake akatsokomola, akaseka kapena akanyamula thumba la chimanga, mkodzo umadontha. Ufiti uli pati apa?

Ambiri amasintha m'miyezi 3 mpaka 12. Chimathandiza ndi kulimbitsa minofu ya pansi: kumanga ngati ukuletsa mphweya, kumasula, kubwereza tsiku ndi tsiku. Kegel ameneyu azimayi timaphunzitsidwa tikabereka. Nanga bambo achite nazo manyazi chifukwa chiyani?

Achipatala nanunso, muzimufotokozera wodwala zonsezi asanalowe ku fiyeta, mkazi wake ali pompo. Munthu wouzidwa amadziwa kuti akupola. Wosauzidwa amaganiza kuti watha, amasiya kupita kutchalitchi ndi kumaliro, mwinanso amasiya kumwa madzi, zomwe zimangowonjezera mavuto.

Ife apabanja, tigule sopo ndi matewera a akuluakulu popanda kulengeza kwa aneba. Chaka chikatha zisanasinthe, tibwerere nawo kwa dokotala, chithandizo china chilipo. Ndipo inu anyamata oseka madala pa bawo, prostate muli nayo nanunso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wotsutsa abwere, koma abwere ndi mfundo.