Posankha Kamera Yakale, Dzina Lisanyenge Munthu

Asanafike mafoni okhala ndi kamera, midzi ya cigawo ca Kum'mawa inkamdziwa bwino munthu uja woyenda pa njinga, kamera ili lende m'khosi, amene sankasowa pa ukwati, pa ubatizo ndi pa tsiku lotsekera sukulu. Makamera ena a nthawi imeneyo akali gone m'masutikesi ku Petauke, ku Katete ndi ku Lundazi. Tsono lero ayambanso kufunidwa, pakuti acinyamata ena a m'mizinda abwerera ku filimu. Ngakhale kampani ya Leica ya ku Germany m'caka ca 2022 inayambanso kupanga kamera yake ya filimu ya M6, imene inatuluka koyamba mu 1984. Motero mwana wa kumudzi amene wafika mu Lusaka, wina namuonetsa kamera yonyezimira pa Northmead, m'mbali mwa mseu wa Great East, ayenera kudziwa cimene akugula. Nalonso kholo losunga kamera yotere liyenera kudziwa cimene lili naco.

Mtundu umene ukunenedwa pano ndi uja Azungu amati rangefinder, ndiye kuti yopima utali. Kutsogolo kwake kuli timazenera tiwiri. Munthu akasuzumira aona kabanga kowala pakati, ndipo m'kabangamo cinthu cimodzi cioneka pawiri. Akamapotokola mkombero wa lenzi, zithunzi ziwirizo zisendererana kufikira zitakhala cimodzi. Pamenepo utali wapezeka ndipo cithunzi cidzatuluka coyera. Popeza mulibe kalilole wogubuduka mkati, kamerayi ndi yopepuka ndiponso sicita phokoso pa mwambo.

Nzeru yake nayi: kamera yoyenera munthu wa kumudzi ndi imene igwira nchito popanda batire. Makamera ambiri a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankadalira mabatire a mercury, amene analeka kupangidwa cifukwa mankhwalawo ndi poizoni. Yashica Electro 35, imene inayamba mu 1966, ijambula bwino ndithu, koma popanda batire itsala ndi liwiro limodzi lokha, ndipo batire lake lenileni silipezekanso m'sitolo. Canonet QL17 GIII ya Canon, ya mu 1972, ndi Olympus 35 RC ya mu 1970 zili bwinoko, cifukwa batire likafa mwini wake angathe kucera yekha liwiro ndi kukula kwa kabowo ka kuwala. Zorki 4, yopangidwa ku Soviet Union kuyambira 1956 mpaka 1973, ndi Leica M3 ya mu 1954 zilibe batire konse.

Ena adzati Leica ndiyo mfumu ya onse, ndipo sakunama. Komatu kawirikawiri imagulitsidwa thupi lokha, lenzi payokha, pa mtengo umene ungathe kumeza ndalama zonse za cimanga ca mlimi wamng'ono. Ikaonongeka, mmisiri woidziwa safunidwa pa msika. Canonet ndi Olympus zibwera ndi lenzi yomangidwira pomwepo. Zorki isinthidwa lenzi pomasula ngati botolo, koma ili ndi lamulo lake: liwiro lisasinthidwe munthu asanakoke filimu, apo ayi zitsulo za mkati ziphwanyika.

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Cifukwa cace wogula asaturutse ndalama asanayese zinthu zinayi. Coyamba, asuzumire pa cinthu ca kutali ndithu, monga mlongoti wa foni, atapotokola lenzi kufika kumapeto. Zithunzi ziwiri zija zikakana kukumana, kapena kabanga kaja kakazimirira, kamerayo ndi yakhungu. Caciwiri, atsegule kumbuyo, aloze kumene kuli kuwala, nawombe pa liwiro lililonse, makamaka locedwa, kumene mafuta ouma amagwira zitsulo. Pa Zorki ndi Leica aonetsetse nsalu yotsekera kuwala, pakuti dzuwa lolowera pa lenzi limaiboola ngati nyenje ya moto. Cacitatu, aunike lenzi ndi toci: timizere tonga ukonde wa kangaude ndi cuku ca cinyontho ca dzinja, ndipo cikakhalitsa cimadya galasi. Cacinayi, akhudze kathonje kakuda ka m'mphepete mwa citseko. Kakamata ku cala ngati phula, kuwala kudzalowa ndi kuononga filimu yonse.

Kusowa kwa batire kusaopse munthu. Ojambula akale anali ndi lamulo losavuta: dzuwa likawala bwino, kabowo kakhale pa 16, ndipo pa filimu ya 100 liwiro likhale pa 125. Cimene ciyenera kumdetsa nkhawa ndi filimu yeniyeniyo. Mpukutu umodzi uli ndi zithunzi 24 kapena 36 zokha, ndipo malo otsukira anacepa kwambiri. Tsono afunse kaye kumene adzagula ndi kutsukitsa, asanagule kamera.

Wina angafunse kuti zonsezi n'zaciani pamene foni ilipo. Foni ikagwa m'citsime, zithunzi za agogo zimira nayo pamodzi. Koma zithunzi zakale zimene eni ake sanabwere kudzatenga ku Fine Art Studios mu Lusaka zinapezeka zikali zooneka patapita zaka zambiri, ndipo zinasonkhanitsidwa m'nchito yochedwa Zambia Belonging, kuti anthu aonenso nkhope za makolo ao.

Motero wogula asankhe kamera imene manja ake aiyesa, ngakhale dzina lake likhale losachuka. Ndipo banja limene lili nayo m'sutikesi liitulutse, licotsemo batire lakale, liisunge pouma, ndipo lisaipereke pa mtengo wa nkhuku lisanafunse odziwa.