Ndasiya Kuperekeza, Musandide

Anzanga a Fomu 2, ndi nonse amene mwaima pa bolodi pano, ndiyambe ndi atsikana amene timayendera limodzi njira ya kumunsi. Ndamva zimene mukunena, eti ndayamba matama, masiku ano tikangoweruka ndimangoti "tionana mawa" n'kuliyatsa liwiro ngati ndasiya mphika pamoto. Si matama ayi. Ndalemba kuti ndifotokoze, chifukwa vuto limene linandipeza ine likutidya tonse ophunzira oyendera.

Teremu yatha ndinapeza 31 pa mayeso a Bayoloje. Inetu amene ndimauza aliyense kuti ndidzakhala namwino, amene ndikapita ku Holy Family ndimayang'anitsitsa ophunzira unamwino aja n'kumadziona ndili pakati pawo. Aphunzitsi pondipatsa pepala langa sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Kodi iwe umawerenga nthawi yanji?" Ndinati usiku. Anafunsanso, "Usiku wake uti?" Ndinangoti kukamwa yasa. Zoona zake n'zakuti usiku ndinkatsegula kope, n'kuyatsa tochi, koma ndisanamalize mizere isanu tulo tinkakhala titandigwira kale. M'mawa ndinkadzuka tsaya lili pakope, mabatire atatha.

Tsiku limenelo ndinatenga pepala n'kulemba zonse zimene ndimachita kuchokera podzuka mpaka pogona. Yesani nanunso, mudabwa. Kudzuka 5 koloko, kusesa pabwalo, kutsuka mbale za dzulo, kusamba. Ulendo wa kusukulu ndi ola lathunthu wapansi, kubwerera ola linanso. Kufika kunyumba cha m'ma 4 koloko, kudya, kenako ndowa pamutu wa kumjigo, maulendo atatu. Kusaka nkhuni, kusinja, kuphika, kusambitsa mwana. Pofika 6 koloko kwada. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye dzuwa limalowa ngakhale 6 isanakwane, ndipo Juni yemweyo ndiye amabwera ndi mayeso athu a JCE. Pepala lonse linadzaza, koma mawu akuti "kuwerenga" sanaonekepo ngakhale pamodzi pamene dzuwa lili kunja.

Anthu a m'tauni akamakamba zopeputsa moyo amanena zotaya zovala zochuluka ndi katundu wodzaza m'nyumba. Ife za zii zimenezo, tili ndi yunifolomu imodzi ndi nsapato imodzi. Chimene chatidzadzira ife si katundu, ndi tizochita. Tsiku lathu lili ngati njinga ya kabaza yopita ku msika wa Migowi, pakaliyala thumba la nandolo, pamwamba pake nkhuku, kutsogolo chigubu, ndiye wina akuti tikwezeponso munthu. Sukulu ndiye munthu uja amene timafuna kumukweza pomaliza, malo atatha. Maganizo anga ndi akuti munthuyo ayambe wakwera, katundu winayo aone yekha pokhala, ndipo wina atsale.

Ndinagawa pepala langa lija pawiri. Mbali imodzi ndinalemba ntchito zimene zikapanda kugwiridwa pakhomo sadya: madzi, nkhuni, kuphika, kumunda. Mbali inayo ndinalemba zimene ndimadzisenzetsa ndekha. Apa ndiye panali manyazi, chifukwa mbali yachiwiriyi inatalika kuposa mmene ndinkaganizira.

Choyamba chinali kuperekezana. Mukudziwa mmene timachitira. Ndikuperekeza mpaka pamlatho, iwe n'kunena kuti nkhani sinathe undibwezeko pang'ono, tafika pamtengo wa mango ine n'kukubwezanso. Njira ya ola limodzi tinkayenda maola awiri, nkhani yake ya ndani akufunana ndi ndani ku Fomu 3. Chachiwiri chinali pamjigo. Madzulo mzere umakhala wautali, ndipo kunena zoona ndinkaukonda mzerewo chifukwa ndi pamene pamaphulikira nkhani za m'mudzi. Chachitatu, ndinali mu netiboli, mu kwaya ya sukulu, ndiponso mu kalabu ya zisudzo, ndiye masiku atatu pa sabata ndinkafika kunyumba kutada. Chachinayi, foni ya achemwali anga akabwera nayo, ndinkangoti ndione kavidiyo kamodzi, mapeto ake phala lapserera. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pusi wake ndinali ine, ndipo chagada chake chinali 31 uja.

Kuperekeza ndinasiya, kupatula Lachisanu. Pa zitatu zija ndinasankha netiboli yokha. Foni ndimaigwira Lamulungu masana basi. Izi sizinavute kwambiri chifukwa zinali m'manja mwanga.

Zovuta zinali za mbali yoyamba ija, chifukwa mwana sungangodzuka n'kuuza makolo kuti lero sinditunga madzi. Ndinadikira tsiku limene amayi anali atakhala pamkeka akusola nandolo, ndinakhala nawo n'kumathandiza, kenako ndinawaonetsa pepala la Bayoloje lija. Ndinati, "Amayi, ntchito sindikukana. Ndikupempha ola limodzi lokha dzuwa lisanalowe, kuyambira 4 mpaka 5 koloko. Zina zonse ndizigwira." Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Nanga madzi azitunga ndani?" Yankho ndinali nditakonzeratu. Ndinati tizitunga m'mamawa kusanakhale mzere, ine ndi mchimwene wanga wamng'ono, pa njinga ya abambo, zigubu ziwiri za malita 20 ulendo umodzi. Mchimwene wangayo anayamba wakana, eti anzake amuseka kuti akugwira ntchito ya atsikana. Abambo anamuyankha kuti madzi akumwa sasankha pakhosi pa mnyamata kapena mtsikana. Nkhani inathera pomwepo.

Za nkhuni tinagwirizana kuti tizisaka kamodzi, Loweruka, zokwanira sabata yonse. Mitengo ya nandolo tikakolola sitiisiyanso kumunda, timaimanga mitolo n'kusunga pakhonde, imayaka bwino ndithu. Amayi analinso ndi chitetezo mbaula imene inkangokhala pakona ngati chokongoletsa, tinayamba kuphikira imeneyo m'malo mwa mafuwa, ndipo mtolo umodzi ukukhalitsa kuposa kale. Nyemba timaziviika usiku kuti mawa zisadye nkhuni ndi nthawi. Palibe chachilendo apa, zonsezi mumazidziwa. Kungoti sitinaganizepo kuti nyemba zoviika zingakhudzane ndi Bayoloje.

Mwina wina akuti ola limodzi n'chiyani. Tiyeni tiwerengere limodzi, poti Masamu timaphunzira tonse. Ola limodzi, masiku 6 pa sabata, ndi maola 6. Pa masabata 12 ndi maola 72. Piriyodi imodzi m'kalasi ndi mphindi 40, ndiye maola 72 akufanana ndi mapiriyodi 108. Tangoganizani aphunzitsi atalengeza kuti akupatsani mapiriyodi 108 owonjezera, aulere, opanda kulipira patitayimu. Tonse tikhoza kuthamangirako. Komatu mapiriyodi amenewo tili nawo kale, kungoti tikuwataya pakati pa mlatho ndi mtengo wa mango.

Anyamata, musaseke ngati nkhaniyi ndi ya atsikana okha. Inu madzi ambiri simutunga, koma nthawi yanu ikuthera kuti? Mpira wa ku England umodzi ndi mphindi 90, kuonjezapo ulendo wa ku vidiyo sho ndi kukangana za Arsenal pobwerera, madzulo onse apita. Loweruka mipira iwiri, Lamulungu inanso iwiri, Lolemba m'kalasi n'kumapitiriza mkangano womwewo. Osewera aja amalandira malipiro awo kaya inu mwakhoza kaya mwalakwa. Sindikuti musiye mpira. Sankhani timu yanu imodzi, muonere tsiku limene ikusewera, enawo muzingomva zigoli pa wailesi.

Ndikudziwa kuti ena mwa ife zinthu n'zolemera kuposa kwathu. Alipo amene amakhala ndi agogo okha, alipo amene akaweruka amapita kuganyu kuti apeze ya sopo ndi makope, alipo amene nthawi ya dzinja amayamba apita kumunda asanabwere kuno. Kwa amenewa sindinganene kuti ingosiyani, kungakhale kuwanyoza. Koma ngakhale pamenepo pali kena kochotsa. Mnzanga wina amene amagulitsa zitumbuwa madzulo amalemba manotsi pa timapepala, n'kumawerenga podikira ogula. Wina amatsalira m'kalasi theka la ola tikaweruka, chifukwa akudziwa kuti akangofika kunyumba kope silitsegulidwanso. Ngati ola lathunthu silingatheke, theka ndi lanu ndithu.

Enanso akuti moyo woterewu ndi wouma, munthu wopanda macheza amasanduka kadzidzi. Ineyo macheza ndimawafuna, n'chifukwa chake Lachisanu ndinalisiya. Ndaonanso kuti nkhani za sabata yonse zikasungidwa mpaka Lachisanu zimakoma kuposa zobwerezabwereza tsiku lililonse. Ndipo chinzake chenicheni sichingathe chifukwa cha kusaperekezana. Ngati chingathe pa chifukwa chimenecho, ndiye kuti chinali cha panjira pokha.

Ife a kuno ku Phalombe za kusankha chonyamula sitichita kuuzidwa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'mapiri, tili ku pulayimale, ambiri tinaona anthu akuthawa m'nyumba usiku. Palibe amene ananyamula zonse. Aliyense anagwira chimene sakanatha kuchisiya, wina mwana, wina kathumba ka ufa, zinazo zinatsala. Tsiku lathu la masiku onse silithamangitsa ngati madzi aja, n'chifukwa chake timaiwala kusankha, timangonyamula chilichonse chimene chatipeza panjira. Koma mayeso a MANEB akubwera ndithu, ndipo sadzafunsa kuti unatunga ndowa zingati kapena unaperekeza angati.

Mwina munamvapo za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2002, koma ankapitabe ku kalaibulale kakang'ono ka kwawo, mpaka anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi ziwalo za njinga. Kumunda ankapita ngati ife tomwe. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi yochepa imene inkatsala ankaipereka ku chinthu chimodzi, ngakhale anthu ankamunena kuti wapenga. Ine angonditcha wamatama, ndiye zanga n'zopepuka.

Mayeso apakati pa teremu ino ndapeza 54 pa Bayoloje. Sizinafike pa unamwino, ndikudziwa, ndipo Fizikisi ikundizunzabe. Masiku ena ola lija limadyedwa, kukabwera alendo kapena kukagwa maliro m'mudzi, ndipo pamenepo sindikangana ndi munthu. Koma tsopano aphunzitsi akandifunsanso kuti ndimawerenga nthawi yanji, yankho ndili nalo: 4 koloko, kuseri kwa nkhokwe, pa kampando ka abambo.

Pempho langa ndi ili. Lero mukafika kunyumba, ng'ambani pepala pakati pa kope lakale, mulembe tsiku lanu lonse osabisa kanthu. Pamwamba mulembe chimene mukufuna kudzakhala. Kenako mufufute chinthu chimodzi chokha chimene sichikukuthandizani kukafika kumeneko, ndipo ngati chikukhudza makolo, mukawapeze atakhala pansi, osati ali ndi khasu m'manja. Atsikana a njira ya kumunsi, Lachisanu ndikuperekezani mpaka pamlatho, ngakhale kubwezana kawiri. Koma Lolemba mukaona ndikuthamanga, musandiitane. Kapena thamangani nane, kuseri kwa nkhokwe kuja malo alipo a anthu anayi.

Wolemba: mtsikana wa Fomu 2, wa njira ya kumunsi