Mphakati Umene Ambuye Kalilombe Anatisiyira Si Wotolera Ndalama Pokha

Amayi anzanga, mwezi watha mumphakati mwathu munachitika zinthu zimene zinandichititsa manyazi. Agogo ena amasiye anagona m'nyumba masiku asanu ndi malungo, popanda wowazonda. Anawapeza ndi mwana amene anatumidwa kukabwereka sefa. Titakumana mlungu wotsatira, alembi anatsegula buku n'kupeza dzina la agogowo, ndipo pambali pake panalembedwa kuti sanamalize mtulo. Ngongole yawo tonse tinkaidziwa. Koma zoti atha milungu itatu osaoneka pa mapemphero, palibe anafunsako.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganizira za munthu amene anavutikira miphakati m'dziko muno, malemu Ambuye Patrick Kalilombe. Ndikuona kuti tikanamadziwa bwino mbiri yawo, tikanaugwira mosiyana mphakati wathu, umene ena amautcha limana.

Ambuye Kalilombe anabadwira ku Mua, m'boma la Dedza, mu 1933. Anali Mmalawi woyamba kulowa chipani cha ansembe a White Fathers, ndipo anadzozedwa unsembe mu 1958. Anakaphunzira Malembo Oyera ku Roma, pobwera anaphunzitsa ku seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji mpaka anakhala mkulu wa seminaleyo. Mu 1972 anakhala Episkopi wa dayosizi ya Lilongwe, mwana woyamba wa dziko lino kukhala pa mpando umenewo.

Anapeza dayosizi yaikulu, ansembe ochepa, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera kunja. Akhristu a kumidzi yakutali ankadikira nthawi yaitali kuti aone wansembe, ndipo podikirapo ankaganiza kuti Mpingo wapita ndi Abambo pa njinga yamoto. Ndalama zomangira ndi zoyendetsera ntchito zinkachokeranso kunja. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene unatha mu 1965, unali utaphunzitsa kuti Mpingo ndi mtundu wonse wa anthu a Mulungu. Ambuye Kalilombe anafuna kuti chiphunzitsochi chifike pakhonde la mkhristu wamba. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anachititsa sinodi ya dayosizi imene zokambirana zake zinafika mpaka kumidzi, osati kwa ansembe ndi asisitere okha. Mfundo yake tonse timaidziwa, ngakhale sitidziwa kumene inachokera: Mpingo ndife tonse. Mabanja oyandikana azikumana, aziwerenga Mawu a Mulungu, azidzitumikira, azifalitsa okha chikhulupiriro, ndiponso azidzidalira. Mu 1976 maepiskopi a kummawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana kuti miphakati ikhale patsogolo pa ntchito za Mpingo m'maiko mwawo.

Zimenezi zinawadyetsa zowawa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pansi pa Dr. Kamuzu Banda, ndipo boma linkakayikira gulu lililonse lokumana m'midzi ndi atsogoleri akeake. Mu 1976 Ambuye Kalilombe anakakamizika kutuluka m'dziko, ndipo mu 1979 anatula pansi udindo wa dayosizi. Anakapitiriza maphunziro ku Berkeley, ku America, kenako anaphunzitsa zaka zambiri ku Selly Oak, mumzinda wa Birmingham ku England. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha anabwerera kwawo n'kumaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, ndipo anamwalira mu 2012.

Boma la nthawi imeneyo silikanaopa kagulu kongotolera makobidi ndi kuimba nyimbo. Linaopa chifukwa mphakati weniweni ndi malo amene anthu wamba amakhala pansi, n'kuona mavuto a pamudzi pawo, n'kugwirizana chochita. Mphamvu imeneyo ndi imene ifeyo tikuitaya pang'onopang'ono popanda wotiopseza.

Ena andiyankha kuti kudzidalira inalinso mfundo ya Ambuye Kalilombe, ndipo parishi singayende popanda ndalama. Akunena zoona. Mtulo tizipereka, masika tizikolola, ndipo Abambo Mfumu asasowe mafuta opitira kwa odwala. Chimene ndikukana n'chakuti mfundo imodzi imeze zinzake zonse. M'miphakati yambiri timawerenga Uthenga Wabwino mothamanga, kenako ola lathunthu limathera pa kalata zochokera ku parishi ndi maina a amene sanasonkhe. Wosauka akamva dzina lake likutchulidwa kawiri katatu, amaleka kubwera. Akaleka kubwera, ndiye kuti amene amafunika mphakati kuposa tonsefe ndi amene tamutaya.

Amayi, ambiri mwa okhala pamphasa ya mphakati ndife. Choncho kusintha kuli m'manja mwathu, ndipo sikufuna chilolezo cha wina aliyense. Tisanatsegule buku la ndalama, tiziyamba tafunsana kuti lero sanabwere ndani, ndipo apite kukamuona ndani dzuwa lisanalowe mawa. Tizidziwa mayi woyembekezera amene sanayambe sikelo, mwana amene akunyentchera, nkhalamba imene denga lake likudontha. Pa zosonkha zathu tizipatulako kangachepe kosungira ulendo wa kuchipatala, kuti wodwala usiku asadikire kugulitsa nkhuku. Kamodzikamodzi tiziitana mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu adzatiphunzitse za madzi akumwa, katemera ndi masikito.

Pali zinthu ziwiri zoti tisamale nazo. Choyamba, mphakati si chipatala. Kumupempherera wodwala n'kwabwino, koma tikatero timuperekeze kwa adokotala, ndipo tisamuuze munthu kuti asiye mankhwala chifukwa tamupempherera. Chachiwiri, matenda a mnzathu si nkhani ya kuchigayo kapena kumjigo. Amene watiululira za matenda ake watipatsa katundu wosunga, ndipo tikamuulula sadzakhulupiriranso mphakati.

Tisasenzenso tokha ntchitoyi. Mawu akuti tonse akuphatikiza abambo ndi achinyamata. Ngati ife tikuphika phala ndi kuchapa zofunda za wodwala, iwo akhoza kufolera denga, kukumba chimbudzi, kapena kupalasa njinga yopita kuchipatala. Tiziwapempha poyera pa msonkhano, ndi kuwatchula maina monga mmene timatchulira a mtulo.

Agogo aja anachira, ndipo abwereranso pa mapemphero. Buku lathu tsopano lili ndi tsamba lina kumapeto, la amene sanabwere ndi amene akukawaona. Ndi tsamba limenelo limene timayamba kuwerenga. Pamene mukumane mlungu uno, funsani alembi anu ngati buku lawo lili ndi tsamba lotere, ndipo ngati palibe, mulitsegule tsiku lomwelo.