Mkangano wa ola limodzi ku Malaysia

Mumzinda wa Kuala Lumpur dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko m'mawa, miyezi ina limachedwerapo ndi mphindi 20. Koma sukulu zambiri za boma zimayamba 7:30, kotero ana amadzuka ndi kukwera basi kudakali mdima. Ichi ndicho chikuchititsa Amalaysia ena kuumiriza boma kuti libweze mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi.

Gwero la nkhaniyi ndi ndale. Dziko la Malaysia lili pawiri: chigawo chakumadzulo komwe kuli Kuala Lumpur, ndi madera a Sabah ndi Sarawak pachilumba cha Borneo, kutsidya kwa nyanja. Kale mbali ziwirizi zinkasiyana ndi theka la ola. Usiku wa pa 31 Disembala 1981, boma la nduna yaikulu Mahathir Mohamad lidapititsa patsogolo mawotchi a kumadzulo ndi mphindi 30 kuti dziko lonse lizitsata nthawi ya ku Borneo, yomwe ndi GMT+8. Dziko la Singapore lidachita chimodzimodzi usiku womwewo.

Cholinga chidali umodzi wa dziko, koma mtolo udagwera chigawo chomwe kumakhala anthu pafupifupi anayi mwa asanu alionse. Potengera malo ake, Kuala Lumpur idayenera kukhala pa GMT+7 ngati Bangkok. Chodabwitsa n'chakuti Jakarta, likulu la Indonesia, ili chakummawa kuposa Kuala Lumpur ndipo kumacha msanga, komabe mawotchi ake ali m'mbuyo ndi ola lathunthu.

Ofuna kusinthaku akuti kudzuka kusadache kukusokoneza tulo ta ana ndi apantchito. Dandauloli ndi lomveka, ngakhale ena amalikuza mopyola muyeso, ngati kuti matenda onse a m'dzikomo amachokera pawotchi.

Boma silikutekeseka. Mu 2024 lidanenetsa kuti kusintha nthawi kungapweteke chuma. GMT+8 ndiyo nthawi ya China, Hong Kong ndi Singapore, komwe Malaysia imachita nako malonda ambiri, ndipo anthu zikwizikwi a ku Johor amawoloka tsiku lililonse kukagwira ntchito ku Singapore. Komanso kubwerera pa GMT+7 kungasamutsire vutoli ku Sabah, komwe dzuwa lingamatuluke cha m'ma 5 koloko n'kulowa cha m'ma 5 koloko madzulo.

Njira yapafupi ingakhale kuchedwetsa nthawi yoyambira sukulu osakhudza wotchi. Koma napo pali mfundo: sukulu zina za m'mizinda zimaphunzitsa magulu awiri, la m'mawa ndi la masana, chifukwa cha kuchepa kwa zipinda. Gulu loyamba likachedwa kuyamba, lachiwiri lidzaweruka dzuwa litapendeka kwambiri.